Chilembo chimodzi chokha: DNA ndi matenda a mlongo wanga

Kwathu ku Area 18 kuno mawu akuti DNA timawamva kwambiri pakabuka mkangano. Mnyamata akakana mimba, kapena mwana akabadwa ndi mphuno yosafanana ndi ya mwini nyumba, basi mumva wina akuti, "Tiyeni tikapange DNA tione." Pa Facebook ndiye osanena. Ine ndinakula ndikuganiza kuti DNA ndi makina enaake a kuchipatala ogwirira anthu abodza. Titafika Fomu 4, aphunzitsi a Bayoloje atajambula pa bolodi kanthu kooneka ngati makwerero opotoka, ndinakopera m'kope monga tonse timachitira, kuti MANEB isadzatipeze chimanjamanja. Koma chimene chinandipangitsa kuilondola nkhaniyi mpaka kumapeto si mayeso ayi. Ndi mlongo wanga.

Mlongo wangayo ali Sitandade 5 ndipo ali ndi matenda a sickle cell. Ndayamba ndapempha kwa amayi ndisanalembe izi, ndipo avomera bola ndisatchule dzina lake. Kukazizira, makamaka mu June ndi July, amalira usiku wonse ndi ululu wa m'mafupa. Maso amachita chikasu, ndipo kangapo konse tathamangira naye ku Kamuzu Central kuti akamuwonjezere magazi. Tsiku lina azakhali anabwera kuchokera ku Area 25 kudzamuona. Atakhala pakhonde anauza amayi kuti, "Alamu, musandimve molakwa, koma kwathu matenda amenewa kulibe. Mufufuze bwinobwino kumtundu kwanu." Amayi sanayankhe, anangodzuka n'kulowa kukhitchini. Ine ndinali potero ndikutsuka mbale, ndipo chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinalibe choti ndinene. Pano ndili nacho, koma kuti chimveke tiyambire kutali pang'ono. Nkhaniyi yatenga mapepala angapo, ndiye amene mwaima kutsogolo musatseke anzanu.

Thupi lathu linamangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Mkati mwa selo muli kachipinda kotchedwa nyukiliyasi, ndipo m'menemo ndi momwe mumakhala DNA. Dzina lake lonse ndi deoxyribonucleic acid, lilowezeni chifukwa amafunsa. DNA ndi ulusi wowonda moti mutati muyale ulusiwu mbali ndi mbali, pangafunike 500,000 kuti mukwanitse milimita imodzi ya pa rula yanu. Koma kutalika kwake, mutalumikiza DNA yonse ya mu selo limodzi lokha, ndi pafupifupi mamita 2, kuposa munthu wamtali wa m'kalasi mwanu. Kuti ikwane m'kachipindako imakulungidwa pa timapuloteni ngati ulusi wa telala, ndipo imagawidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu. Mwa mitolo imeneyi, 23 inachokera kwa mayi ndipo 23 inachokera kwa bambo. Pamenepa pokha azakhali anali atayamba kale kuluza mlandu, koma tisafulumire.

Tsopano makwerero aja. Tangoganizani makwerero amatabwa amene anthu amakwererapo pokhoma malata. Ali ndi mitengo iwiri ya m'mbali ndi timatabwa topingasa topondapo. Mu DNA mitengo ya m'mbaliyo inapangidwa ndi shuga wotchedwa deoxyribose ndi phosphate, zosinthanasinthana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mbali imeneyi ndi yofanana mwa aliyense, ilibe nkhani. Nkhani ili pa timatabwa topondapo. Kathabwa kalikonse n'kopangidwa ndi tizidutswa tiwiri tokumana pakati, kena kochokera kumanzere, kena kumanja. Tizidutswati tilipo ta mitundu 4 basi: adenine, thymine, guanine ndi cytosine, ndipo timangotilemba kuti A, T, G ndi C. Shuga mmodzi, phosphate imodzi ndi chilembo chimodzi zikakhala pamodzi ndiye nucleotide. Mukatero gwirani makwererowo pamwamba ndi pansi n'kuwapotokola, mwapeza chimene azungu amati double helix. Kuzungulira kumodzi kumatenga timatabwa pafupifupi 10.

Lamulo lalikulu, limene nkhani yonseyi yatsamirapo, ndi ili: A amagwirana ndi T yekha, G amagwirana ndi C yekha. Palibe zachibwenzi zamseri. Chifukwa chake n'chooneka. A ndi G ndi zazikulu, T ndi C ndi zazing'ono, ndiye chachikulu chikagwirana ndi chaching'ono timatabwa tonse timakhala tofanana kutalika ndipo makwerero sakhota. Komanso timanja togwirana nato timayenderana: A ndi T amagwirana ndi timanja tiwiri ta hydrogen, G ndi C ndi titatu. Timanjati si tolimba kwambiri, ndipo n'chifukwa chake DNA imatha kutseguka pakati ngati zipi ya chikwama popanda kuthyola mitengo ya m'mbali.

Tayesani nokha. Ngati mbali imodzi ikuwerengeka kuti CCT GAG GAG, mbali inayo ikhala chiyani? Amene mwapeza GGA CTC CTC mwakhoza, ndipo mwachita ntchito yomweyo imene selo limachita. Zilembo zimenezi sindinazipeke. Zisungeni, tizipezanso kutsogoloku.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri timachidumpha powerenga. Mbali ziwiri za DNA zimayang'ana kosiyana, ngati maminibasi a mu M1, ina ikulowera ku Kanengo pomwe inzake ikulowera m'tauni. M'mabuku amalemba kuti mbali ina imachoka pa 5' kupita pa 3', inzake pa 3' kupita pa 5'. Zikuoneka zazing'ono koma zimabweretsa chintchito pokopera.

Izi sanazitulukire munthu mmodzi. Mu 1869 Friedrich Miescher wa ku Switzerland anaipeza DNA koyamba m'mafinya a pa mabandeji a odwala, osadziwa ntchito yake. Cha mu 1950 Erwin Chargaff anaona kuti mu DNA ya chamoyo chilichonse kuchuluka kwa A kumafanana ndi kwa T, ndipo kwa G kumafanana ndi kwa C. Mu 1952, ku King's College ku London, Rosalind Franklin ndi wophunzira wake Raymond Gosling anajambula DNA pogwiritsa ntchito X-ray, chithunzi chimene chimadziwika kuti Photo 51. James Watson ndi Francis Crick a ku Cambridge, atathandizidwa ndi zimene Franklin anapeza, anasindikiza maonekedwe a makwerero opotokawa m'magazini ya Nature mu April 1953. Mphoto ya Nobel inaperekedwa mu 1962 kwa awiriwa pamodzi ndi Maurice Wilkins. Franklin anali atamwalira kale mu 1958 ndi khansa, ali ndi zaka 37. Atsikana anzanga, dzina limeneli tizilitchula, chifukwa manotsi athu amangotchula amuna awiri aja.

Nanga kukopera kumabwera bwanji? Aliyense wa ife anayamba ngati selo limodzi. Linagawikana kukhala awiri, awiriwo kukhala 4, mpaka kufika pa munthu amene waima pano akuwerengayu. Ngakhale lero maselo akugawikanabe: bala likamapola, khungu likamasinthika, ndiponso m'mafuta a m'mafupa momwe mumapangidwa maselo ofiira a magazi oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Selo lisanagawikane liyenera kukopera DNA yake yonse kuti ana ake awiriwo aliyense atenge buku lathunthu.

Ntchitoyi imagwiridwa ndi maenzaimu, aliyense ndi gawo lake. Woyamba ndi helicase, amene amatsegula zipi ija, mbali ziwiri n'kulekana. Zikalekana mbali iliyonse imasanduka chikombole. Amene munaumbapo njerwa mukudziwa kuti chikombole ndicho chimalamula maonekedwe a njerwa, dothi limangotsatira. Momwemonso pamene pali A pa ulusi wakale pangalowe T yekha, pamene pali G pangalowe C yekha. Kenaka primase amaika kachidutswa kakafupi ka RNA koyambira, chifukwa mmisiri wamkulu, DNA polymerase, satha kuyamba pamalo opanda kanthu, amangodziwa kuwonjezera pa chimene chilipo kale. Akapeza poyambira amayenda pa ulusi wakale uja, akutola manucleotide oyandama mu selo n'kumawalumikiza limodzilimodzi.

Apa ndi pomwe maminibasi aja akubwerera. Polymerase amamanga molowera mbali imodzi yokha, kuchoka pa 5' kupita pa 3'. Pa ulusi umodzi zimamuyendera, chifukwa akulowera komwe zipi ikutsegukira, ndiye amangotsatira helicase osaima. Pa ulusi winawo njira yake ikuloza kumbuyo. Choncho amamanga kachidutswa, zipi ikatsegukanso amabwerera kukayamba kachidutswa kena, monga muja amasokera msoko wapamanja wobwerera m'mbuyo. Tizidutswati timatchedwa Okazaki fragments, potengera Reiji ndi Tsuneko Okazaki, mwamuna ndi mkazi wake a ku Japan amene anatitulukira m'zaka za m'ma 1960. Pomaliza tizidutswa ta RNA tija timachotsedwa, mipata n'kudzazidwa ndi DNA, ndipo enzaimu wotchedwa ligase amamata zonse kukhala ulusi umodzi.

Zotsatira zake ndi makwerero awiri ofanana, ndipo aliwonse ali ndi mbali imodzi yakale ndi imodzi yatsopano. Pa mayeso amati semi-conservative replication. Anatsimikiza zimenezi ndi Matthew Meselson ndi Franklin Stahl mu 1958. Analera mabakiteriya a E. coli pa chakudya chokhala ndi nitrogen wolemera, kenaka n'kuwasamutsira pa chakudya cha nitrogen wamba. Mabakiteriyawo atagawikana kamodzi, DNA yawo yonse inali yolemera pakatikati, kusonyeza kuti inali theka yakale, theka yatsopano.

Chimene chinandidabwitsa ine ndi masamu ake. Makromozomu 23 ochokera kwa kholo limodzi ali ndi timatabwa pafupifupi 3 biliyoni. Polymerase wa munthu amalumikiza zilembo pafupifupi 50 pa sekondi. Ndinatenga kakyuleta: akanakhala mmodzi, kuyambira kumutu mpaka kumchira, zikanamutengera pafupifupi zaka ziwiri, ndipo apo ndi za kholo limodzi lokha. Koma selo limamaliza m'maola pafupifupi 8. Chinsinsi chake ndi dima, monga agogo kumudzi amaitanira anthu kudzalima: munda umodzi, makasu ambirimbiri. Zipi imatsegulidwa m'malo masauzande ambiri nthawi imodzi, gulu lililonse n'kulima ndime yake mpaka kukumana ndi anzawo.

Tonse pano timadziwa zimene zimachitika pokopera manotsi, poti mabuku ndi ochepa ndipo kope limodzi limazungulira kalasi yonse. Tili Fomu 2 wina analemba kuti Malawi inalandira ufulu mu 1946 m'malo mwa 1964. Amene anabwereka kope lake anakopera chomwecho, enanso anakopera kwa iwowo, ndipo pa mayeso a pakati pa teremu tinagwa nacho chigulu. Onani kuti okoperawo sanalakwitse kukopera. Anakopera mokhulupirika ndithu, ndipo kukhulupirika kwawoko ndi kumene kunafalitsa cholakwikacho.

Selo ndi losamala kuposa ife. Polymerase akaika chilembo cholakwika amatha kuzindikira, n'kubwerera, kuchichotsa, n'kuika choyenera. Pambuyo pake pamadutsanso maenzaimu ena ochonga. Zonse zikatha cholakwika chimatsala pafupifupi chimodzi pa zilembo 1 biliyoni, mwinanso kucheperapo. Palibe mlembi padziko pano angafike pamenepo. Komabe chimodzicho chikapulumuka, makamaka mu selo lopanga dzira la mayi kapena umuna wa bambo, chimalowa m'buku la mwana, ndipo kuyambira pamenepo makina aja amachikopera mokhulupirika ngati kuti n'cholondola. Kusintha kotere ndiye mutation.

Tsopano tabwera kwa mlongo wanga. Ndime ya DNA yokhala ndi malangizo opangira puloteni imodzi imatchedwa jini. Zikachuluka timati majini, koma si majini ogwira anthu aja, musathawe. Selo limawerenga jini zilembo zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimaimira amino acid imodzi, kanjerwa komangira puloteni. Pa kromozomu nambala 11 pali jini yopangira mbali ina ya hemoglobin, puloteni yofiira imene imanyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Mbali imeneyi ili ndi maamino acid 146. Zilembo zija ndinakupatsani, CCT GAG GAG, zachokera mu jini imeneyi, ndipo ndi mmene zimakhalira mwa anthu ambiri. Mwa mlongo wanga pamawerengeka CCT GTG GAG. A mmodzi anasanduka T. Basi.

Chifukwa cha chilembo chimenecho, pa malo a nambala 6 pamalowa valine m'malo mwa glutamic acid. Anaonetsa zimenezi ndi Vernon Ingram ku Cambridge m'zaka za 1956 ndi 1957. Hemoglobin yotereyi, okosijeni akachepa, imamatirirana n'kupanga timitengo tatitali mkati mwa selo. Selo lofiira, limene limayenera kukhala lozungulira ndi lofewa, limauma n'kupindika ngati zenga lomwetera udzu, ndipo dzina lakuti sickle likutanthauza zengalo. Maselo opindikawa amatsekereza timitsempha tating'ono, ndipo ululu wa usiku uja ndi umenewo. Amafanso msanga, pakati pa masiku 10 ndi 20, pomwe abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120. N'chifukwa chake magazi amamuchepera ndipo maso amachita chikasu.

Wina anandifunsa kuti, nanga poti amamuwonjezera magazi a munthu wabwinobwino, bwanji osachira? Yankho lake n'lakuti maselo ofiira okhwima alibe nyukiliyasi, alibe DNA. Malangizo amawerengedwa m'mafuta a m'mafupa maselowo akadali aang'ono, ndipo m'menemo buku likadali lomwe lija. Magazi olandirawo akatha, fakitale imapitiriza kupanga zomwe imadziwa. Pa chifukwa chomwechi, matendawa sungawatenge podyera mbale imodzi kapena pokhala desiki imodzi ndi wodwala. Mankhwala otchedwa hydroxyurea, amene mlongo wanga amamwa tsopano, sakonza chilembocho, koma amachititsa thupi kupanga hemoglobin ya mtundu umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, ndipo imeneyo imalepheretsa kumatirirana kuja.

Chilembochi sichinasinthe mwa amayi kapena mwa bambo. Chinasintha zaka masauzande zapitazo mwa munthu wina amene palibe akumudziwa dzina, ndipo chakhala chikukopedwa kuchokera nthawi imeneyo, kholo kupatsira mwana. Mungafunse kuti bwanji sichinathe, poti chimadwalitsa. Yankho ndi malungo. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti anthu okhala ndi jini imodzi yokha ya sickle amatetezeka ku malungo kuposa anzawo. Kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno, ana otere ankapulumuka kwambiri, n'kukula, n'kubereka. Ndiye chinthu chomwecho chimene chikuzunza mlongo wanga chinapulumutsa makolo athu ambiri.

Mawu akuti jini imodzi yokha ndi ofunika. Kumbukirani kuti kromozomu 11 tili nawo awiri, wina wa mayi, wina wa bambo. Jini yabwinobwino amailemba A, ya sickle amailemba S, ndipo A ameneyu ndi dzina la hemoglobin, musamusokoneze ndi adenine uja. Munthu wa AA alibe kanthu. Wa AS ndi wonyamula chabe, nthawi zambiri sadwala ndipo sadziwa n'komwe. Wodwala ndi wa SS, ndipo S mmodzi ayenera kuchokera kwa mayi, winayo kwa bambo. Makolo onse akakhala AS, ngati athu, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana akhale SS ndi 1 mwa 4, AS ndi 2 mwa 4, AA ndi 1 mwa 4. Sizikutanthauza kuti pa ana 4 mmodzi yekha ndiye adwale. Mimba iliyonse maere amaponyedwa mwatsopano, ndipo banja lina likhoza kukhala ndi ana atatu odwala pomwe lina alibe ndi mmodzi yemwe. Ineyo, poti sindidwala, mwayi woti ndine AS ndi 2 mwa 3. Ndinapempha amayi kuti tsiku lina popita ndi mlongo wanga ku kliniki ndidzapite nawo ndikafunse zoyezetsa.

Nanga DNA ya pa mikangano ija? Nayonso yatsamira pa kukopera komweku. Mu 1983 Kary Mullis wa ku America anapeza njira yokoperera DNA m'kabotolo, yotchedwa PCR. M'malo mwa helicase amatenthetsa DNA kuti zipi itseguke, kenaka amaziziritsa, polymerase n'kumanga mbali zatsopano. Polymerase wake anachokera ku bakiteriya wokhala m'akasupe otentha a ku Yellowstone, amene saopa kutentha. Ulendo uliwonse chiwerengero chimawirikiza kawiri, ndipo maulendo 30 amasandutsa kachidutswa kamodzi kukhala pafupifupi 1 biliyoni, zokwanira kuoneka pa makina. Pofuna kudziwa bambo wa mwana amakopera malo angapo a DNA n'kuona ngati theka la mwanayo likupezeka mwa mwamunayo. Koma kuno ku Malawi ntchito yaikulu ya PCR si imeneyo. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amatengedwa timadontho ta magazi pa kapepala akakwanitsa masabata 6, ndipo PCR ndi imene imafufuza ngati kachilomboko kali mwa mwanayo, kuti ngati kalimo ayambe mankhwala msanga.

Azakhali anabweranso pa holide yapitayi. Ndinadikira adye kaye, kenaka ndinakhala pansi pafupi nawo ndi kope langa. Ndinati, "Azakhali, ndikuonetseniko zimene taphunzira kusukulu." Ndinajambula kabokosi ka zipinda 4, AS ya amayi pamwamba, AS ya bambo pambali. Ndinawafotokozera kuti S wa bambo anachokera kwa agogo, makolo awo omwewo, ndipo kuti iwonso akhoza kukhala naye osadziwa. Mtima unkagunda, chifukwa kuphunzitsa wamkulu si chinthu chapafupi, ndipo amayi anali pakhomo la kukhitchini akundiyang'ana ndi diso lija. Azakhali anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kabokosiko. Sanapepese kwa amayi. Anangoloza chipinda cha SS ndi chala n'kunena kuti, "Iwe, tabwerezanso apa pa 1 mwa 4." Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, ali ndi chinkhoswe mu August, ndipo pepala lija anang'amba m'kope mwanga n'kulipinda, n'kuliika m'chikwama.